Amake Lucius, Thobwa Losasa ndi Sitima ya Lachinayi

Kwathu kwa Kalembo, tsidya lino la kamtsinje kamene kamadula mudzi pakati, kunali mayi wina dzina lake la ubatizo Scholastica. Dzinalo linali lovuta pakamwa, moti ansembe okha ndiwo ankalitchula lonse. Enafe tinkangoti amake Lucius. Anali aafupi, a mapewa otakata, ndipo akaitana nkhuku zawo madzulo ngakhale za tsidya lina zinkatukula mitu. Ntchito yawo inali kufulula mowa wa masese, ndipo dzanja lawo linkadziwika kuyambira ku Ulongwe mpaka ku Liwonde.

Anabadwira ku dziko la Apwitikizi, nawoloka malire ali kumsana kwa amayi awo. Anakulira pa esiteti ina cha ku Chiradzulu, kumene anayamba kugwira thangata asanathe n'komwe msinkhu. Atakwatiwa ndi a Wadson, awiriwo anabwera kuno cha m'ma 1934 kufuna munda woti azitcha wawo. Anabereka ana atatu. Awiri anapita ndi chikuku, natsala Lucius yekha.

Lucius ndinamuphunzitsa ine pa sukulu yathu ya mishoni. Anali mwana wa mutu wakuthwa, makamaka pa masamu. Bambo ake atamwalira iye ali Sitandade 3, amayi ake anamuchotsa pa benchi n'kumupatsa khasu. Nditapita kukawapempha kuti mwanayo abwerere, anandiyankha ali chiimire pa mtondo: "Aphunzitsi, choko sichigalauza munda." Lucius anawalimira zaka ziwiri, kenaka anapita ku Halale kukafuna ntchito. Makalata anabwera atatu, basi.

Nyumba yoyandikana nawo inali ya a Goliati ndi akazi awo a Clementina, ndipo mwana wawo woyamba anali Lyford. Ameneyunso anadzera m'manja mwanga, napita ku sekondale ku Zomba. M'chaka cha 1953 boma linamusankha kuti akaphunzire za udokotala ku koleji ya Makerere, ku Uganda. Tsiku limene uthengawo unafika belu la sukulu linalira pakati pa phunziro, ndipo woliza ndinali ine ndemwe. Palibe mwana wa dera lathu amene anali atafikako kumeneko.

Chaka chotsatira, mu Seputembala, a Goliati anadwala masiku anayi n'kutisiya. Lyford anamva ndi waya, telegalamu ya masiku amenewo. Pofika kuno anapeza manda atauma kale, poti ulendo wochokera ku Uganda unkatenga pafupifupi masabata awiri: sitima ya pamtunda, ya pamadzi, lole, sitima ina. Akuluakulu a koleji anamulola kudzalira maliro, koma anamuuza tsiku loti akhale atabwerera kuti akalembe mayeso. Akaphonya mayesowo, malo ake ndi thandizo la boma zikanathera pomwepo. Titawerenga masiku chobwerera m'mbuyo tinapeza kuti sitima yomaliza imene ikanamufikitsa nthawi yabwino inali yonyamuka pa Balaka Lachinayi la sabata yachitatu ya Okutobala, cha m'ma 3 koloko masana.

Koma Lyford anaona zimene anapeza pakhomo. Amayi ake anali ndi chifuwa chosatha. Alongo ake atatu anali aang'ono. Amalume ake, amene akanayang'anira mbumba, anali ku migodi ku Joni. Munda wa maekala atatu, wotsetsereka, unali chikhalire ndi mapesi a chaka chatha. Zaka zimenezo malamulo a malimidwe anali atakhwima: munthu amene sanaunge mizere yotsata akalozera mvula isanagwe ankatengeredwa kubwalo la milandu, wamasiye kapena ayi. Choncho tsiku lina Lyford anabwera kusukulu ndi kalata yolembera akuluakulu a koleji kuti sabwereranso. Ndinalankhula naye mpaka ana ataweruka. Anandimvetsera mwaulemu monga kale, koma sanasinthe.

M'mawa mwake amake Lucius anamupeza m'munda. Ine ndinali nditapitanso komweko kukayesa kachiwiri, moti zimene zinalankhulidwa ndinazimva ndekha.

"Iwe Lyford, ukulima kapena ukukanda nthaka?"

"Ndikuyesa, amayi."

"Nsapato m'munda! Nkhuku zanga zimapalasa bwino kuposa pamenepa. Taonetsa manja."

Anawaonetsa. Zikhatho zonse zinali matuza, ena ataphulika kale.

"Bambo ako manja awa anawasungira ntchito ina," anatero.

"Nanga amayi anga akawaimike pabwalo ine ndili kutali ndi mabuku? Anthu adzati chiyani?"

"Anthu ndine pano, ndipo ndikunena. Ine wanga ndinamuchotsa kusukulu ndi pakamwa panga pomwe pano, aphunzitsi awa ndi mboni. Anandilimira zaka ziwiri. Lero ali kuti? Iwe undipatse masiku khumi. Kalata yakoyo isapite kupositi."

"Mukalephera, amayi?"

"Ndikalephera ndikakuponyera ndekha, wapansi mpaka ku Ulongwe."

Chimene anali nacho m'mutu linali dima. Achinyamata a masiku ano mwina salidziwa. Mwini munda amafulula mowa, n'kuitana anthu kuti adzalime tsiku limodzi, ndipo malipiro awo ndi chakumwacho. Vuto linali lakuti tsidya lathu la Akhristu amuna anali ochepa, ambiri ali ku Joni ndi ku Halale. Amake Lucius atawerenga ndi zala anapeza khumi ndi anayi, kuphatikizapo wa mwendo wolumala. Maekala atatu sakanatha. Amuna ambiri anali tsidya lina, kwa Asilamu, ndipo Asilamu mowa samwa.

Anawoloka kamtsinje kukaona Che Sufiyani, mlimi wa fodya amene mawu ake ankamveka tsidya limenelo, munthu wamtali wokonda nthabwala.

"Ndabwera kudzapempha makasu, achimwene, tikalime munda wa malemu a Goliati kuti Lyford abwerere kukoleji. Anthu anu ndiwaphikira thobwa."

"Thobwa la m'mbiya zanu, achemwali? Iyayi. Mbiya zanu timazidziwa. Ngakhale mutathiramo madzi a pachitsime, womwayo atuluka akuimba."

"Ndiye ndidzaphikira pakhomo panu pano, m'mbiya za akazi anu, inu mutakhala pa mpando mukuyang'ana ngati mlonda."

"Mwana wa Goliati uja? Amene anandiwerengera kalata ya mng'ono wanga?" Che Sufiyani anakanda ndevu. "Akadzakhala dokotala jekeseni wanga adzabaye pang'onopang'ono. Tibwera Lachiwiri."

Sabata imeneyo mudzi unali ngati wa ukwati. Amake Lucius anatulutsa chimera chawo chonse, nazungulira khomo ndi khomo kusonkhetsa china, mpaka panalibe nyumba imene inatsala ndi kambale. Mowa ankauyang'anira tsidya lino, thobwa tsidya lina, ndipo ankawoloka kamtsinje kasanu pa tsiku chitenje atachikwinyira m'mawondo. Ana anga kusukulu sankamvanso za mitsinje ya ku Ulaya. Ndinangowatulutsa panja kuti tiseme zikhomo ndi kupota chingwe choongolera mizere, n'kulitcha phunziro la ntchito zamanja. Pofika Lolemba madzulo mbiya zinayi za thobwa zinali zitaima m'khonde mwa Che Sufiyani, zovundikira bwino ndi masamba a nthochi, ndipo zitatu za mowa zinali kwa amake Lucius.

Lachiwiri m'mamawa, anthu akukhoma makasu m'mipini, kulira kunamveka kumtunda kwa mudzi. A Kenneth, katekisiti wathu wakale, anali atamwalira. Mwambo wake ndi umodzi tsidya lino ndi tsidya lina: maliro ali m'mudzi, khasu silikhudza munda. Makasu omwewo anatembenuka kupita kumanda. Mwana wamkazi wa malemuwo anali ku boma ku Kasupe, ndipo podikira iye mwambo woika unachitika Lachitatu dzuwa litapendeka. Panatsala m'mawa umodzi wokha, wa Lachinayi, tsiku la sitima.

Kunja kutangoyera amake Lucius anawoloka ndi amayi anayi kukasenza thobwa. Asanavundukule n'komwe anaima n'kutchera khutu. M'mbiya munkamveka kaphokoso ngati ka chiswe m'denga. Anachotsa masamba, nalawa ndi chikho, n'kulavula. Thobwa limakoma tsiku loyamba ndi lachiwiri. Ili linali litagona masiku atatu m'kutentha kwa Okutobala, ndipo linali litayamba ulendo wokhala mowa.

Mmodzi wa amayiwo, a Joanna, ananong'ona: "Tithiremo madzi ndi kashuga. Anthu osamwa adziwa bwanji?"

"Ine ndadziwa," anatero amake Lucius.

"Ndiye tiphike lina msangamsanga."

"Ndi chimera chiti? Ukachipeze kuti m'mudzi muno?"

Anasenza mbiyazo choncho mpaka kumunda. Kumeneko anthu anali atadzaza kale: athu khumi ndi anayi ndi akazi awo, ndi amuna oposa makumi atatu a tsidya lina, makasu ali pamapewa. Amake Lucius anatula mbiya, nagwada pang'ono pamaso pa Che Sufiyani, n'kulankhula mokweza kuti aliyense amve.

"Achimwene, thobwa lanu lasasa. Maliro atichedwetsa. Musamwe, si lanunso."

Dima lopanda chopatsa olima si dima, ndipo palibe amene akanawanena anthuwo akanabwerera. Ena kumbuyo anayamba kuyang'anana. Mmodzi anati kufodya kwake kuli ntchito yomudikira. Lyford anali chiimire pambali pa amayi ake, maso ali pansi.

"Mukanakhala chete, achemwali, ife tikanamwa, tchimo n'kukhala lanu," anatero Che Sufiyani, koma sanaseke monga mwa masiku onse. "Nanga anthu awa ndiwauze chiyani? Alime ndi malovu?"

"Muwauze aime pomwepo. Asasunthe."

Ananyamuka chothamanga, mayi wa zaka zopitirira makumi asanu, kudumpha mapesi ngati namwali. Tisanamvetse chimene chikuchitika tinamva kulira kwa mbuzi, ndipo anatulukira akukoka tonde wawo ndi chingwe, tondeyo akukana ndi miyendo yonse inayi. Inali mbuzi yokhayo imene inatsala pa khola la malemu amuna awo. Mudzi wonse unkaidziwa. Tinkaitcha Kapitawo, chifukwa panalibe munda umene sinauyendere.

Anasolola mpeni m'chiuno n'kuupereka kwa Che Sufiyani chogwirira chili kutsogolo.

"Nyama yozinga Mkhristu simudya, ndikudziwa. Chinjani nokha."

Che Sufiyani anayang'ana mbuziyo, nayang'ana mwini wake.

"Uyu? Kapitawo? Uyu anandidyera nazale yonse ya fodya chaka chatha!"

"Ndiye lero mubweze."

"Ine anandidyera nandolo!" anakuwa wina kumbuyo.

"Ine malaya pa chingwe!"

"Aphunzitsi anawadyera kaundula!"

Zimenezo zinali zoona, ngakhale anali masamba awiri okha. Kuseka kunabuka munda wonse, ndipo makasu amene anali atayamba kuloza kumudzi anatsika pamapewa. Che Sufiyani anagoneka tondeyo pansi pa mtengo wa mango, namulozetsa kumene iwo amaloza popemphera, natchula dzina la Mulungu, n'kuchinja. Akazi a tsidya lina anabweretsa miphika yawo ndi chinangwa. Mbiya zinayi zosasa zija anazikankhira kwa Akhristu, amene sanadandaule ngakhale pang'ono.

Kenaka kulima kunayamba, ndipo ine m'moyo wanga sindinaonenso kulima kotero. Asilamu anayambira kumtunda, athu kumunsi, ndipo anapangana kuti akumane pa chulu chimene chinali pakati pa munda. Ine ndi ana anga tinkathamanga ndi chingwe ndi zikhomo kutsata akalozera, koma makasu ankatipeza tisanakhome chikhomo chachiwiri. Fumbi linakwera mpaka kubisa mtengo wa mango. A kumtunda anayambitsa nyimbo m'Chiyao, a kumunsi n'kuyankha ndi yawo, ndipo posakhalitsa zinasanduka zotonzana.

"Inu a kumunsi, mzere umenewo ukupita kutchalitchi kapena kumowa?"

"Limani, achimwene! Kapitawo akukuonani ali mumphika!"

Amake Lucius sanagwire khasu. Ankazungulira munda ndi ndodo, kuloza apa pakhota, apo pachepa dothi, ndipo mmodzi wa athu, a Lomosi, amene anali atayendera mbiya kawiri, anawabweza kuti akaunge mzere wawo kachiwiri. Azimayi ankatsata m'mbuyo kukwirira mapesi, nthungululu zili pakamwa. Lyford anavula nsapato, nakulunga nsanza m'manja, n'kulowa pakati pa athu. Palibe amene anamuletsa.

Dzuwa lisanafike pamutu a kumtunda anakwera pa chulu n'kutukula makasu m'mwamba. Athu anafika pambuyo pake, akunena kuti mbali yawo inali ya miyala. Titatembenuka kuyang'ana, munda wonse unali mizere yokhayokha kuchokera kumtunda mpaka kumtsinje, yofiirira, yopingasa bwino. A Clementina anakhala pansi n'kuphimba nkhope ndi chitenje.

Anthu akukhala m'magulu kudya, Lyford anapita kwa amake Lucius.

"Amayi, zikomo. Sindikudziwa ndinene chiyani. Koma mizere ndi chiyambi chabe. Kubzala? Kupalira? Kubandira? Nanga kukolola?"

"Ha! Mwana uyu anamuphunzitsa kufunsa mafunso." Anatembenuka n'kuomba m'manja. "Tamverani nonse, musanameze! Wadya Kapitawo wadya mlandu. Banja lililonse litenge mizere yake m'munda muno, liziisamala mpaka chimanga chilowe m'nkhokwe ya amake Lyford. Ndani akuyamba?"

Che Sufiyani anaimirira fupa lili m'manja. Anathyola nthambi ya mango, nayenda kumtunda, n'kuizika pa mzere wachisanu ndi chimodzi.

"Kuchokera pamwamba mpaka apa ndi panga. Mukadzapezapo udzu mudzandimete ndevu."

Ena anatsatira, wina ndi phesi, wina ndi bango, wina ndi kansanza pa kamtengo, mpaka munda wonse unagawika. Ine ndinatenga mizere inayi m'dzina la Sitandade 3, ana akulumpha ngati ndawapatsa tchuthi.

Lyford anayang'ana amayi ake. A Clementina anatsokomola, kenaka anati: "Pita, mwananga. Ukatsala m'pamene ndidwale zenizeni."

Apa ndiye panali chipwirikiti. Nthawi inali itadutsa 11 koloko, ndipo ku Balaka ndi kutali. Alongo ake anathamangira sutikesi. Wina anamuthira madzi kumapazi, wina akumuveka malaya. A Jimu, amene ankagulitsa nsomba zouma pa njinga kuchokera ku Malombe, anamasula dengu lawo n'kulitaya pansi, namanga chiguduli pakaliyala.

"Kwerani, adokotala. Mukafika mukununkha chambo, koma mukafika."

Amake Lucius anakulunga chiwindi chootcha ndi chinangwa m'tsamba la nthochi n'kumukankhira m'thumba. Lyford anafuna kugwada kuti atsazike bwino, koma iwo anamukoka phewa.

"Ugwada pobwera! Jimu, palasa!"

Njinga inatsika njira ya kumsewu, sutikesi ili pamiyendo pa Lyford, ana onse a sukulu akuithamangira mpaka pa mlatho wa mitengo.

Tsiku lonselo palibe amene anadziwa ngati afika. Ena ankati a Jimu ndi mphepo, ena ankati njinga yawo ndi yokalamba kuposa eni ake. Lachisanu m'mawa anthu anayamba kusonkhana okha pansi pa mango wa pasukulu, a tsidya lino ndi a tsidya lina, ndipo ine ndinaleka kunamizira kuti ndikuphunzitsa. Cha m'ma 10 koloko a Jimu anatulukira akukankha njinga, ali okha, tayala lakumbuyo litatupa moseketsa.

"Anakwera?" anafunsa amake Lucius iwo asanaime n'komwe.

"Amayi, dikirani ndifotokoze. Titadutsa pa mtengo wa mlambe uja, tayala linati phuu! Chigamba ndinalibe. Tinachotsa chubu, ine ndi adokotala, n'kuyamba kuzula udzu wouma kupakira m'tayala..."

"Jimu, anakwera?"

"Tikupita choncho, gugudu gugudu, mano akugundana. Tikuona denga la siteshoni, sitima ikuliza kachiwiri! Ndinalowa ndi njinga mpaka pa njanji, kalaliki akukuwa kuti tikiti, tikiti! Adokotala ku zenera la tikiti, ine ndi sutikesi ku sitima. Ndinaiponyera pa windo, inagwera mayi wina pa dengu la tomato..."

"Jimu!"

"Anakwera, amayi! Sitima ikuyenda kale, anthu awiri anamukokera mkati ndi malaya. Nsapato imodzi inatsala, ndi iyi."

Anaitulutsa m'malaya n'kuitukula m'mwamba. Nthungululu zinamveka mpaka tsidya lina. Che Sufiyani anakumbatira a Jimu, nsomba zikununkha choncho, ndipo ana anga anaimba ng'oma pa madesiki popanda wowaletsa. Amake Lucius anakhala pansi pa muzu wa mango, koyamba sabata yonseyo, napukuta m'maso ndi m'mphepete mwa mpango. Kenaka anayang'ana kum'mawa, kumene mitambo inali itayamba kuunjikana pamwamba pa mapiri a Kasupe.

"Mwasekerera mokwanira," anatero. "Mvula iyo. Mbewu ya amake Lyford ili kuti? Tiyeni tikasankhe."